Red Hot + Riot: chimbale chokumbukira malemu Fela Kuti

Woyimba wotchuka wa ku Nigeria Fela Anikulapo-Kuti atamwalira ku Lagos pa 2 Ogasiti 1997, mkulu wake Olikoye Ransome-Kuti, dokotala amene adakhalapo nduna ya zaumoyo ku Nigeria, adaima pamaso pa atolankhani n'kunena poyera kuti mng'ono wakeyo wapita ndi matenda obwera chifukwa cha Edzi. Kunali kulimba mtima, pakuti masiku amenewo mabanja ambiri ankangoti wakufayo adadwala nthawi yayitali. Mu 2002 bungwe la ku America la Red Hot Organization, limene lakhala likutulutsa zimbale zopezera ndalama zolimbana ndi Edzi kuyambira 1990, lidasonkhanitsa oyimba a m'mayiko osiyanasiyana kuti ayimbenso nyimbo za malemuyu, ndipo chimbale chake ndi Red Hot + Riot.

Vuto la aliyense wofuna kuyimbanso Fela ndi lakuti nyimbo zake sizifulumira. Ambiri mwa mayimbidwe a Afrobeat, chamba cha nyimbo chimene iye adachiumba pamodzi ndi woyimba ng'oma Tony Allen, amayamba ndi ng'oma ndi magitala obwerezabwereza, malipenga n'kulowa pambuyo, ndipo mawu amadikira mpaka womvera atakhazikika. Oyimba amene adalemekeza kudekha kumeneku ndi amene adapambana pa chimbalechi.

Nyimbo ya Water No Get Enemy, imene Fela adatulutsa mu 1975, ndiyo imandigwira mtima kuposa zonse. D'Angelo ndi Macy Gray akuyimba limodzi ndi Femi Kuti, mwana wa malemuyo, pamene Nile Rodgers akukanda gitala ndipo Roy Hargrove akuliza lipenga. Ndidaimvera usiku wina ndili ndekha, ndipo pamene mawu osasa a Macy Gray adalowa pamwamba pa malipenga aja, ndidasiya zimene ndinkachita n'kuibwezeranso poyambira. Palibe amene akufuna kuphimba mnzake, ndipo Femi sakuyesa kukhala bambo ake, akungosamalira nyimboyo ngati munda umene adasiyiridwa. Chimodzimodzinso Trouble Sleep Yanga Wake Am, m'mene Baaba Maal wa ku Senegal ndi Taj Mahal wa ku America adaifewetsa ndi nsambo za kora, choyimbira cha kumadzulo kwa Africa, mpaka kumveka ngati nyimbo ya pamaliro, koma pempho lake, loti munthu wosauka asiyidwe pamtendere, lidakali lakuthwa.

Pali zimene sizidandikhutiritse. Zombie ndi nyimbo imene idakwiyitsa boma la asilikali mpaka mu February 1977 asilikali pafupifupi 1,000 adazinga ndi kutentha Kalakuta, kwawo kwa Fela, n'kuponya mayi ake, Funmilayo Ransome-Kuti, kuchokera pawindo, ndipo mayiwo adamwalira chaka chotsatira. Nyimbo yokhala ndi mbiri yotere imafuna kuyimbidwa ndi mkwiyo wake wonse, koma pano idagawidwa m'zigawo ndi kuvekedwa mayimbidwe a m'malo ovinira, kotero kuti munthu amavina osamva kulemera kwake. By Your Side ya Sade ndi yokoma, komabe si ya Fela, ndipo malo akewo ndikadakonda akadapatsidwa nyimbo ina ya malemuyo.

Oyimba a rap monga Talib Kweli ndi Dead Prez adawonjezera mawu awoawo pa Shuffering and Shmiling, ndipo poyamba ndinkaopa kuti awononga, koma kudandaula kwawo za moyo wa anthu akuda ku America kukulumikizana bwino ndi kudandaula kwa Fela za anthu a ku Lagos opanikizana m'basi akumwetulira. Amene sadamvepo Fela ayambe ndi zimbale zake zenizeni, makamaka Zombie ndi Gentleman, kenako agule ichi, ndipo akafika pa Water No Get Enemy aimvere yonse mpaka lipenga lomaliza.