Chiliza cha amayi tinapangitsa ku Limbe, ntchito ndi yabwino koma muziyang'anitsitsa zolembazo

Ambiri munandifunsa pa tsiku lovundukula chiliza cha amayi kuti tinapangitsa kuti, ndiye ndingolemba kamodzi pano basi. Ndi workshop ina yake ku Limbe, dzina sinditchula poti pali zina zomwe sizinayende bwino ndipo sindikufuna kuwaonongera bizinesi, anthuwo ntchito amaidziwa.

Amayi anatisiya 2023 ali ndi zaka 77, tinakawaika kwathu ku Mulanje. Tinapita kukafunsa mtengo mu October, anationetsa mitundu iwiri, cha terazo chotchipirako ndi cha granite chakuda chija, ife tinasankha granite poti mvula ya ku Mulanje mukuidziwa, terazo pakapita zaka amachita ndere zolemba osaonekanso. Tinapereka dipoziti theka pa Airtel Money. Kenako November uja kwacha anaigwetsa ndi 44% ndiye anatiimbira kuti mtengo wasintha, apa tinakangana pang'ono, koma ataona lisiti anavomera kuti awonjezere pa simenti ndi transport yokha, mwala ayi. Lisiti muzisunga anthuni.

Chomwe chinandigwira mtima ndi bambo wozokota zilembo uja, wachikulire ndithu, magalasi omanga ndi waya. Ife tinabwera ndi pepala lodzadza mbali zonse chifukwa aliyense m'banja amafuna zake zilowe. Achemwali amati tilembe kuti anali a Mvano zaka zoposa 40, bulauzi yoyera ndi duku yoyera Lachinayi lililonse osajomba ngakhale miyendo itayamba kuvuta. Ine ndimafuna za home based care, nthawi ija ma ARV aulere asanabwere mu 2004 pomwe anthu amaopa ngakhale kugwira kapu ya wodwala, iwo amayenda khomo ndi khomo ndi beseni, sopo ndi phala mu kontena, kusambitsa anthu omwe abale awo enieni anawathawa. Achimwene amakumbutsa za njala ya 2002 kuti pakhomo pathu pamadya ana 11 pomwe obereka iwo tinali 6. Bamboyo anamvetsera zonsezo osatidula, kenako anangoti "mwala suwerengedwa ngati nyuzipepala, sankhani mawu amene munthu wodutsa angawerenge ataimirira". Anatithandiza kufupikitsa mpaka mizere itatu, pansi pake Miyambo 31:20, vesi ya mkazi wotambasulira dzanja osauka ija. Zilembo zake ndi zakuya bwino, ukapititsa chala umazimva, si zongopaka penti ayi.

Tsopano zokhumudwitsa. Anati milungu 6, zinatenga pafupifupi miyezi 3, ukaimba foni mawa mawa, magetsi anazima, makina afa. Magetsi tikudziwa tonse mmene alili koma bola kungonena chilungamo kusiyana ndi kundiyendetsa ulendo wa minibus kawiri pachabe. Chachikulu ndi ichi, atatumiza chithunzi pa WhatsApp tinapeza kuti chaka chobadwa alemba 1964 m'malo mwa 1946. Achimwene oyamba anabadwa 1966, ndiye kuti amayi anabereka ali ndi zaka ziwiri?? Tinaseka mpaka misozi poti eni akewo akanaseka kuposa tonse, koma mtima unawawa ndithu. Mwayi anavomera kuti kulakwa ndi kwawo, anapala mbale yonse ndi kulembanso osatilipiritsa kanthu. Ndiye chonde musalole kuti anyamule mwala musanaone chithunzi, ndipo muonetse anthu awiri atatu, ine ndemwe ndinayang'ana koyamba osaona vuto, anazindikira ndi mwana wa achemwali.

Kukaika kumanda anabwera anyamata atatu pa ka lole, anafika mmawa, anapereka ulemu kwa amfumu ndi adzukulu monga mwa mwambo osachita kuuzidwa, maziko anakumba akuya ndi kuika waya. Padutsa dzinja limodzi chilizacho sichinapendekeke olo pang'ono pomwe china chapafupi chomwe chinamangidwa nthawi yomweyo chang'aluka kale pakona.

Pa 5 ndingawapatse 4. Mukafuna nambala yawo ndipezeni ku inbox, koma yambani msanga, musadikire kuti tsiku layandikira ndipo mwaitana kale abusa ndi amayi a Mvano.