Paini, bulugamu, m'bawa kapena nyowe: mtengo uti ungapirire lowe m'madambo a ku Bembeke?

Anzanga amene timalima nawo m'mphepete mwa dambo kuno ku Bembeke akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti ndi mbande ziti zoyenera kugula pa malo a lowe, pomwe madzi amadikha kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Ndiyambe ndi paini, chifukwa ndi amene anandipweteka mtima. Wogulitsa mbande wina anatitsimikizira kuti popeza paini wadzaza m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni, angathe kukula paliponse m'boma lino. Chomwe sanatiuze n'chakuti mtengo umenewu, womwe kwawo ndi ku mapiri a ku Mexico, umafuna nthaka yotsetsereka imene madzi sakhalitsamo. M'dothi la makande lodzaza madzi mpweya umatha, mizu imalephera kupuma, ndipo imayamba kuola mbande ikuonekabe yobiriwira pamwamba. Pofika Malichi masamba ake anali atafiira, ndipo titazula mbande zingapo tinapeza mizu yakuda, yoterera, yonunkha chithaphwi. Mtengo wa chubu chimodzi unkaoneka wotsika, koma palibe anawerengera ndalama ya ngolo, ya aganyu okumba mayenje, ndi yogulanso mbande zopakiza zomwe nazonso zinafera m'mayenje omwewo. Titabwerera kukadandaula, anatiyankha kuti vuto linali kabzalidwe kathu.

Bulugamu amapirirako chinyezi ndipo amapereka milimo msanga, koma amamwa madzi kwambiri, moti amene ali ndi dimba kumunsi adzakudandaulani m'chilimwe. M'bawa ndi wa matabwa abwino ndipo amakonda m'mbali mwa mtsinje, komabe safuna madzi oima, ndiponso kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julaye kumamuchedwetsa.

Nyowe, amene ena amati katope, ndiye ndimamuikira kumbuyo mosabisa. Amamera yekha m'madambo ndi m'mitsinje, zipatso zake ana amadya, ndipo chitsa chake chimaphukiranso ngati mwachiteteza ku moto ndi mbuzi. Chovuta n'chakuti m'manazale ambiri sapezeka, choncho muyenera kutola nokha zipatso zakupsa ndi kufesa njere zake zisanaume.

Ngakhale nyoweyo, mbande yake yanthete musaiike m'dzenje lodzaza madzi.   Pa chifukwa chomwecho ife tsopano timaunda kamulu kofika m'bondo, n'kubzala nyowe pamwamba pake mvula ikayamba kuchepa, nyengo yobzala mitengo isanatseke pa 15 Epulo. Paini mugule ngati muli ndi malo kumtunda, ndipo wogulitsa amene sakufunsani kaye za nthaka yanu musamupatse ndalama.