Buku la mbiri ya W.G. Grace: nkhani yokoma, koma matebulo ake ofuna magalasi

Nyenyezi 4 pa 5. Ndinagula lakale pa intaneti, la chikuto cholimba, linabwera msanga ndithu kungoti ogulitsa sananene kuti masamba ena akumapeto anathothoka nkuwamata ndi selotepi, zimenezo zokha ndiye sizinandisangalatse.

Koma nkhani yake eee. Bamboyu, katswiri wa ku England, anasewera kiriketi ya first-class (ya matimu akuluakulu) kuyambira 1865 mpaka 1908, zaka 44 zathunthu, marani (mapointi a womenya mpira) oposa 54,000 komanso mawiketi (omenya amene anawatulutsa poponya mpira) oposa 2,800, munthu mmodzi yemweyo kumenya nkumaponyanso mpira. Gawo lomwe ndalikonda kwambiri ndi la Ogasiti 1876, anamenya marani 344 posewerera kalabu ya MCC (Marylebone Cricket Club) polimbana ndi Kent ku Canterbury, kenako posewerera timu yake ya Gloucestershire 177 ndi Nottinghamshire, kenakonso 318 osatuluka ndi Yorkshire ku Cheltenham, zonsezi motsatizana sabata imodzi ndi kamphindi, ndipo wolemba akufotokoza bwino momwe mabwalo a nthawi imeneyo analili, okumbikakumbika, mpira umangodumpha mosadziwika, helimeti kunalibe, iwe ndi ndevu zako basi. Ukawerenga pamenepo mpomwe manambala aja amayamba kukudabwitsa.

Chinandigwira mtima ndi gemu ya 1880 ku bwalo la The Oval ku London ndi Australia. Abale atatu mu timu imodzi ya England, E.M., W.G. ndi Fred, W.G. nkumenya 152, ndiye patangotha masabata awiri Fred nkumwalira ndi chibayo. Pamenepo wolemba sanachulutse mawu, zinangokwana.

Chomwe ndikuliyamikira bukuli nchakuti silikumusandutsa mngelo munthuyu. Paja anali dokotala ndipo ankawerengedwa ngati amateur, gulu la ma Gentlemen oti samalipidwa, koma za ma expenses zokha ankatola ndalama zoposa ma Players omwe kiriketi inali ntchito yawo. Komanso akatulutsidwa ankakonda kukangana ndi ma ampaya, mkulu wovuta ameneyu. Anthu amangomutchulira ndevu zija ndi chaka cha 1895, pomwe anamenya marani 1,000 mwezi wa Meyi wokha ali ndi zaka 46 nkukwanitsanso century yake ya nambala 100 chiyambireni kusewera (century ndi marani 100 kapena kuposa pa ulendo umodzi womenya), koma za ndalamazi ambiri amadumpha, apa zalembedwa poyera.

Vuto lake, matebulo a zigoli za Gloucestershire analemba tizilembo ting'onoting'ono zedi, ine ndimachita kujambula ndi foni nkukulitsa. Chinanso ngati kiriketi simuidziwa mudzavutika, mawu ngati follow-on kapena roundarm akungowatchula osamasulira, ngati aliyense anakulira ku Bristol kwawo kwa Grace. Zaka zake zomaliza ku London County anangozithamangira, pomwe ndimafuna kumva zambiri za mkangano womwe unamuchotsa ku Gloucestershire mu 1899.

Ngati mukugula lakale ngati ine, afunseni kaye ogulitsa akutumizireni zithunzi za masamba akumapeto musanalipire.