Airtel Money kapena Mpamba: wogulitsa mbuzi ku Ngabu asankhe iti?

Zonse ziwiri zimatumiza ndalama, kulipira magetsi a ESCOM ndi kugula mayunitsi.

Kulowa: Airtel Money *211#, Mpamba ya TNM *444#.
Mtengo: kutumiza pa netiweki imodzi n'kotchipa, kuwolokera kwina amadula zambiri.

Mpikisano wagona pamenepa. Munthu satsata mtengo wokha, amatsata komwe kuli ogula ake komanso ejenti wokhala ndi ndalama m'manja pa tsiku la msika. Kampani ya anthu ambiri imakokanso ena, ndipo inzake imavutika ngakhale itatsitsa mitengo. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa wamkulu akatsala yekha sachita manyazi kukweza.

Wogulitsa kwa alendo ochokera ku Blantyre, Airtel Money imuyenera, poti ili ndi anthu ambiri. Mpamba ndi ya amene abale ake ali pa TNM ndipo netiweki imagwira bwino kumudzi kwake. Wamalonda pa Nchalo kapena Bangula akhale nazo zonse.