Lilongwe mpaka Guangzhou pa Ethiopian, mmene ndinauonera ulendowu

Azimayi anzanga a geni mwandifunsa kambirimbiri kuti ku China nkutali bwanji, ndiye imvani. Ndege yochoka ku Lumbadzi nkukatera ku Guangzhou osaima kulibe, ine ndinakwera Ethiopian yodzera ku Addis Ababa ndipo kunena chilungamo ndinakhutira nayo.

Kuchoka pa Kamuzu International Airport kufika ku Addis ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola anayi basi. Ganizani, nthawi yomwe timathera mu basi ya ku Blantyre iyo yawoloka kale Tanzania ndi Kenya. Chigawo ichi sichiwawa ata, ukudya, kuwodzera pang'ono, mwafika.

Koma Addis kumazizira abale inu. Mzindawu uli pamwamba, mamita opitirira 2,300, ndiye ine ndi kabulauzi kanga kopyapyala ka kuno ndinanjenjemera pa bwalo la ndege la Bole mpaka ndinafunda chitenje chomwe ndinakulungira slipasi. Vuto linali langa, juzi ndinaiponya mu chikwama chachikulu chija chimapita pansi pa ndege.

Nkhani ili pa ndege yachiwiri. Addis kufika Guangzhou ndi makilomita ngati 8,000, ndipo apa mpomwe ajenti amene anandigulitsa tikiti mtauni muno (dzina ndisatchule) anandiopseza chabe. Anangoyang'ana papepala, kunyamuka pakati pa usiku kufika madzulo cha m'ma 4, nkuti "mayi konzekani, maola 16 amenewa." Ine tulo osabwera sabata yonse kuganiza za msana wangawu. Pomwe nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za malo omwe ukunyamukira ndi komwe ukukatera, China ili patsogolo pa Ethiopia ndi maola 5, pa ife kuno ndi 6. Ukachotsera, mumlengalenga tinakhalamo maola 10 ndi kanthu. Akadali ambiri shuwa, koma si 16. Pobwera imatalikirapo pang'ono chifukwa imalimbana ndi mphepo ya kumwambako yomwe imaomba kulowera kummawa.

Mkati mwake ndi bho. Bulangete amapereka, kasikirini kali pamsana pa mpando wakutsogolo, ndipo ine mafilimu sindinaonere, ndimangopenyerera kamapu kaja kandege kakukwawa ngati nkhono pamwamba pa nyanja, ukagona nkudzuka kali pa India pomwe. Chakudya anatipatsa kawiri, ndinasankha mpunga wa nkhuku, wokoma koma kwa ife ozolowera mitanda itatu ya nsima ndi kadyonkho chabe. Atsikana ogwira mu ndegemo aulemu, madzi ukapempha amabwera nawo osakwinya nkhope.

Mpando pemphani wa mmphepete mwa kanjira. Ine ndinalimbirana wa pawindo, usiku kunja kulibe choona, ndipo kupita ku toileti kunali kudzutsa abambo awiri achilendo aliyense ali mkonono. Ndinatsika pa Baiyun, bwalo la ndege la ku Guangzhou, mapazi atatupa nsapato osalowa.

Katundu tikiti yanga inalola zikwama ziwiri za makilo 23 chimodzi, zonse zinafika bwinobwino, komabe funsani musanalipire poti matikiti amasiyana. Tsiku loyamba musapange pulani yokaoda, thupi limakhala lidakali pa nthawi ya kuno, ine 3 koloko usiku ndinali maso gwa mu hotela ku Xiaobei, dera la mu Guangzhou momwemo, ndikuimbira ana ku Area 25 omwe anali asanagone nkomwe. Ulendo wina ndikweranso yomweyi, juzi ili m'manja.