Dikishonale ya magwero a mawu a Chingerezi: nyenyezi zitatu, yachitatuyo ndawonjezera mtima utatsika

Amene mumagula mabuku kwa achimwene aja a ku Limbe, oika zithunzi pa gulu la WhatsApp Lachisanu lililonse, musanatumize ndalama auzeni ajambule vidiyo akutembenuza masamba. Ine ndinakhulupirira chikuto. K28,000 ya buku, K4,000 ya minibasi mpaka ku Dedza, ndipo pansi pa chithunzi analemba okha kuti "lili ngati latsopano".

Ndimamasulira kutchalitchi kwathu kukabwera alendo olalikira m'Chingerezi. Mwezi watha kunali msonkhano wa mabanja, ndipo mlendo wake anatumiziratu mitu. M'menemo munali mawu asanu amene m'mutu mwanga onse anali "kupepesa" kapena "kuyanjana" basi: appease, placate, propitiate, reconcile ndi atone. Dikishonale ya kusukulu ija imangokuzunguza. Ukafunsa placate ikuti pita kwa appease, ukafika kwa appease ikuti pita kwa pacify, ngati ofesi yokutumiza windo ili ndi ilo mpaka nthawi ya nkhomaliro. Ndiye ndinkafuna yonena kumene mawu anachokera, mwina ndingaone posiyana pake.

Linafika Lachiwiri m'jumbo, likununkha chinyontho. Zimenezo ndinazilandira, buku la kaunjika silinunkhira sopo. Usiku magetsi atathima ndinayatsa tochi n'kutsegula pa P. Ndikuwerenga pity, kutembenuza tsamba, ndili pa prose. Ndinabwerera, ndinanyowetsa chala poganiza kuti masamba amatana. Ayi ndithu. Masamba 20 mulibe, pangotsala timano ta pepala pamsoko. Placate wapita, propitiate wapita. Mawu awiri mwa asanu amene ndinagulira bukulo wina wake anakulungira mtedza.

Ndinawalembera usiku womwewo, ndi zithunzi. M'mawa yankho linabwera: "Apologies bwana." Pambuyo pake mavoisi anayi. Loyamba, mabuku amabwera m'mabelo, iwo sangawerenge tsamba ndi tsamba. Lachiwiri, mwina ndi kondakitala. Lachitatu, kodi kunyumbako kulibe ana? Lachinayi ndi limene linandiwiritsa magazi: pamtengo umenewo ndimayembekezera chiyani. Ine munthu wamkulu, wa zidzukulu, kundifunsa ngati ana anga ang'amba buku limene lafika dzulo madzulo lili lomata ndi selotepi yawo yomwe!

Poti chigawo cha A chinali chathunthu, ndinati ndione kaye apology ameneyu amene andiponyera. Bukulo likuti mawuwa ndi a Chigiriki, apologia, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi mawu amene munthu amalankhula podziteteza pamlandu, monga anachitira Socrates, mphunzitsi wanzeru wa Chigiriki, pamaso pa oweruza ku Athens m'chaka cha 399 BC. Mulibe kugwada m'menemo, mulibe "ndalakwa". Tanthauzo la kupepesa linadzalowa m'Chingerezi mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Ndinaseka ndekha mpaka mayi a kunyumba anatulukira kukhitchini kudzafunsa. Achimwenewa sanandinamize konse. Anandipatsa apology yeniyeni ya makolo a Agiriki, mavoisi anayi odziteteza. Ndinajambula tsambalo n'kuwatumizira popanda kuwonjezera liwu. Anawerenga, timizere tiwiri tinabiriwira, ndiye zii masiku awiri.

Masiku awiri amenewo ndi amene anapulumutsa bukuli, chifukwa ndinkaliwerenga mwaukali kufuna zolakwika zina zoti ndikawaonetse, koma m'malo mwake linandigwira.

Appease anachokera ku Chifalansa chakale, apaisier, kutanthauza kufikitsa munthu pa pais, mtendere, ndipo pais ndi mwana wa pax wa Chilatini. Analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300, pa nthawi imene Chifalansa chinali chitakhazikika ku England kuchokera pamene anthu a ku Normandy analanda dzikolo mu 1066. Poyamba anali mawu aulemu. Anadzaipa mbiri mu 1938, pamene nduna yaikulu ya Britain, Neville Chamberlain, inapita ku Munich n'kuvomera kuti Hitler atenge chigawo cha Sudetenland ku Czechoslovakia pofuna kupewa nkhondo, nkhondoyo n'kubuka chaka chisanathe. Kuyambira pamenepo appeasement amamveka ngati kuponyera fupa galu wolusa kuti udutse lero, mawa udzamupeza pomwepo.

Reconcile ndi wina. Re ndi kubwereza, conciliare ndi kusonkhanitsa, kuchokera ku concilium, msonkhano wa anthu oitanidwa pamodzi. Concilium yemweyo ndiye anabala council, amene ife tinamusandutsa khonsolo. Ndiye mawu aakulu a paguwa aja ndi pachibale ndi anthu otolera msonkho pamsika. Koma mfundo yake ndinaigwira: kuyanjanitsa kwa reconcile ndi kuwabwezera anthu pabwalo limodzi, akhale pansi onse awiri.

Amene anandikhalitsa chete ndi atone. Ndinkayembekezera Chilatini china chachitali. Ayi, ndi timawu tiwiri ta Sitandade 1, at ndi one, kukhala amodzi. Kale one ankatchulidwa mmene amamvekera mu only ndi alone, ndipo alone nayenso ndi all one. William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake cha Chingerezi chinasindikizidwa mu 1526, anagwiritsa ntchito atonement. Zaka zonsezi ndakhala ndikutuluka thukuta paguwa ndi mawu amenewa, osadziwa kuti yankho lili m'kalembedwe kake. Palinso soothe, amene anachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza choonadi: kutonthoza munthu kunayamba ngati kumuvomereza kuti "zoona, zoona", monga timachitira ndi agogo akayamba kudandaula za ana amasiku ano.

Pamsonkhano paja mlendo ananena kuti amuna asamangochita appease akazi awo, achite reconcile. Kale ndikanati "musamangopepesa, muziyanjana", anthu n'kumayasamula. Ndinati, "Abambo, osangogula chitenje kuti mayi akhale chete. Itanani ankhoswe, mukhale pamphasa imodzi." Kumbali ya amayi kunamveka nthungululu. Mlendo anandiyang'ana modabwa kuti wanena chiyani choseketsa chonchi. Mumtima mwanga, K28,000 ija theka lake linabwerera pamenepo.

Lachisanu m'mawa foni inalira, K8,000 yalowa. Kenako zithunzi 20 za masamba osowa aja, akuti anakajambula pa buku lina kwa mnzawo, zina zopendekeka, china chala chawo chaphimba ngodya, koma zowerengeka. Uthenga wake unali waufupi: "Pepani bambo, tinalakwitsa." M'Chichewa tsopano, opanda voisi.

Placate ndinamupeza pazithunzizo: placare, kuziziritsa, pachibale ndi please. Propitiate ndi kuchititsa wamkulu kuti akuyang'ane ndi diso labwino, ndipo kawirikawiri amanenera milungu, zofanana ndi kuthira nsembe kuti mizimu ileke kukwiya. Koma chimene chinandimaliza chinali m'buku momwemo, masamba ochepa lisanafike bala lija. Pay, kulipira, anachokera ku pacare wa Chilatini, kukhazika mtima pansi, mwana winanso wa pax. Kulipira ngongole kunali kutontholetsa mwini ngongole. Ife a nkhuku ya kwa amfumu ndi chipepeso cha pamaliro sitingadabwe nazo. Ndinayang'ana K8,000 ija pafoni n'kuona kuti mkwiyo wanga watsikadi, ndipo zinandinyansa pang'ono kuti buku landidziwa chonchi.

Zina zonse mwachidule: zilembo ndi zazing'ono kwambiri, opanda magalasi musayese. Zidule ngati OF, ME ndi L zimasokoneza tsiku loyamba, koma tsamba lozimasulira lili koyambirira ndipo limenelo silinang'ambike. Si buku lophunzirira kulankhula, ndipo mwana wa Fomu 2 lingomugonetsa. Kwa omasulira, aphunzitsi ndi alaliki, ligwireni mukalipeza lathunthu.

Bukulo palokha ndi la nyenyezi zisanu. Wogulitsa ndinamupatsa imodzi Lachitatu lija, pano ndamukweza, ndiye pamodzi zitatu. Koma achimwene, ngati mukuwerenga, mwandichita appease, reconcile sitinafike. Voisi ya ana ija simunaibweze, ndipo K4,000 ya minibasi sinatchulidwe. Buku la mapu limene mwaika Lachisanu lapitali ndikulifuna, ndakupemphani vidiyo Loweruka, mpaka lero ndikudikira.