Miyezi isanu ndi itatu ndi ThinkPad T480 pa ntchito yolemba mapulogalamu ku Zomba

Zida zomwe tikuziwunika ndi izi: laputopu ya kaunjika ya ThinkPad T480 ya purosesa ya i5, Ubuntu 24.04 LTS (mtundu wa Linux woyendetsa kompyutayo), VS Code (pulogalamu yolemberamo mapulogalamu), ndi sikirini yapadera ya mainchesi 24, zonse pa tebulo la m'chipinda cha lendi ku Matawale. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yolemba mapulogalamu m'zinenero za Python ndi JavaScript.

Choyamba kutopa chinali RAM, momwe kompyuta imasungamo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Ndi 8GB yomwe makinawa amabwera nayo kawirikawiri, kungotsegula VS Code, Firefox ndi Docker (chida choyendetsera mapulogalamu m'timabokosi todzipatula) nthawi imodzi, kompyuta imayamba kukoka miyendo chifukwa ikulemba pa swap, gawo la disiki lomwe limagwirizira RAM ikadzaza. T480 ili ndi malo awiri oikamo RAM ya DDR4, ndiye kuwonjezera 8GB ina kumathetsa vutolo m'mphindi khumi. Musanatsegule chivundikiro, thimitsani batire lam'kati kudzera mu BIOS, makonzedwe omwe mumalowamo kompyuta ikamangoyaka.

Sikirini yaikulu ija ndi imene yagwira ntchito pang'ono pa zonse. Maso imawapumitsa, inde, koma magetsi akathima imangokhala chokongoletsa tebulo. Ndalama yake ikanapita ku batire lakunja la 72Wh. Makinawa ali ndi mabatire awiri, ndipo lakunjalo mungalisinthe kompyuta ili chiyakire, lam'kati likugwirizira.

Pa mabatirewa pali msampha. Ambiri amalangiza kuika TLP, pulogalamu yosamalira batire pa Linux, kuti batire lizileka kulowa moto likafika pa 80%, kuti lisathe msanga. Malangizowo ndi oona, koma anapangidwira anthu amene magetsi awo sathimathima. Kuno mukataya gawo limodzi mwa magawo asanu, mudzalifuna madzulo ntchito ili pakati. Njira yapakati ndi kusiya malirewo masiku abwinobwino, kenaka kulemba sudo tlp fullcharge mu terminal (zenera lolembamo malamulo), kuti batire lidzaze lonse, mukamva kuti dera lanu likhala mumdima. Chaja muzichotse pakhoma magetsi akapita, chifukwa amabwerera ndi ukali, makamaka nyengo ya mabingu. Komanso yendetsani fwupdmgr update sabata yoyamba: firmware (kapulogalamu kam'kati mwa chipangizo) yakale ya Thunderbolt, yomwe imayendetsa polowera USB-C, pa T480 imadziwika kuti imawononga polowerapo, pomwenso ndi potchajira.

Bandulo imathera kumene munthu sakuyembekezera. Si makanema ayi, koma snap, yoikira mapulogalamu pa Ubuntu, ikudzikonza yokha, ndi npm, yokopera mapukusi a JavaScript, ikukoperanso zinthu zomwezo pa pulojekiti iliyonse. Ikani hotspot ya foni ngati Metered Connection m'makonzedwe a Wi-Fi, ndipo lembani sudo snap set system refresh.metered=hold. Sinthani npm ndi pnpm, yomwe imasunga phukusi kamodzi kokha pa disiki. Zimene munakopera kale zimalowa ndi pnpm install --offline. Ku Python, pip download imasonkhanitsa mapukusi mu foda imodzi pamene muli pa intaneti yamphamvu, ngati ya ophunzira a yunivesite ku Chirunga, ndipo kunyumba mumaika ndi pip install --no-index --find-links. Mabuku ofotokoza zinenerozi asungeni mu Zeal, yomwe imawerengeka popanda intaneti.

VS Code yokhala ndi ma extension (timapulogalamu towonjezera) ochuluka imachedwa kudzuka. Asanu kapena asanu ndi limodzi akukwana. Chofunika kwambiri ndi files.autoSave kuikidwa pa afterDelay kuti ntchito izidzisunga yokha, ndi chizolowezi chochita git commit (kusunga zosintha pa kompyuta) pafupipafupi, push (kuzitumiza pa intaneti) n'kudikira netiweki ikabwera.

Kutentha kwa Okutobala kumaulula fumbi lomwe lakhala likulowa m'chilimwe chonse. Fani imalira, purosesa imadzichepetsera liwiro yokha, ndipo mayeso a pulogalamu amatenga nthawi yaitali kuposa kale. Kupemerera fumbilo ndi kupaka thermal paste (phala lothandiza purosesa kuzizira) yatsopano kumabweza mphamvu. Laputopu isakhale pa bulangete.

Za msana: mmisiri aliyense ku Chinamwali angakhome kathabwa kokweza laputopu kuti m'mphepete mwa sikirini mwa pamwamba mufanane ndi maso. Mukatero mufunika kiyibodi ndi mausi zapadera, ndipo zikhale za waya, chifukwa za Bluetooth zimafunanso kutchaja tsiku lomwe kulibe magetsi.